Purimu: chikondwerero chimene Mose sanalamule

Funso: Pa phunziro lathu la Baibulo takhala tikuwerenga buku la Estere, ndipo titafika pa mutu 9 tinapeza chikondwerero chotchedwa Purimu. Tinachifufuza mu Levitiko 23, momwe muli mndandanda wa zikondwerero zimene Mulungu anapatsa Aisraeli, koma sitinachipezemo. Bambo wina wachikulire pagulu lathu ananena kuti chikondwerero chilichonse chimene Mulungu sanalamule ndi mwambo wa anthu chabe, ndipo mkangano unafika mpaka pa Khirisimasi ndi masiku a tchuthi a boma. Kodi chikondwererochi chinachokera kuti, ndipo Ayuda amachisungabe? Nanga n'chifukwa chiyani anthu amapatula masiku, pomwe munthu angathe kukumbukira mumtima mwake? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, inu ndi anzanu munawerenga bwino. Chikondwerero cha Purimu simungachipeze mu Levitiko 23 kapena pena paliponse m'mabuku asanu a Mose, chifukwa zimene chimakumbutsa zinachitika patadutsa zaka mazanamazana Mose atamwalira, Ayuda ali kutali ndi kwawo, pansi pa mafumu a Perisiya. Anachikhazikitsa ndi anthu, ndipo Baibulo silibisa zimenezi: limatchula amene analemba makalata ochikhazikitsa, limatchulanso anthu wamba amene anayamba kukondwerera makalatawo asanalembedwe n'komwe. Nkhawa ya bambo a pagulu lanuwo si yachilendo, pakuti akuluakulu achiyuda akale nawonso inawasowetsa mtendere, ndipo tifikako. Koma tiyambe ndi nkhani yeniyeniyo, makamaka mbali zake zimene wowerenga mothamanga amazidumpha.

Mfumu imene Baibulo limaitcha Ahaswero, akatswiri ambiri a mbiri yakale amagwirizana kuti ndi Xerxes woyamba, amene analamulira Perisiya kuyambira 486 mpaka 465 BC. Buku la Estere likuti ufumu wake unali ndi zigawo 127, kuchokera ku India mpaka ku Kusi, kummwera kwa Iguputo, ndipo nkhani yonse ikuchitikira mu mzinda wa Susa, umene mabwinja ake ali m'dziko la Iran masiku ano. Pa nthawiyi n'kuti patadutsa zaka zoposa 50 kuchokera pamene mfumu Koresi inalola Ayuda kubwerera ku Yerusalemu mu 538 BC, ndipo kachisi anali atamangidwanso kale. Moredekai ndi Estere anali mwa Ayuda ambiri amene sanabwerere. Anali anthu okhazikika m'dziko la eni, ogwira ntchito pachipata cha mfumu, oyankhula chinenero cha kumeneko, mpaka Estere, amene dzina lake lachihebri linali Hadasa, anatha kukhala m'nyumba yachifumu zaka zingapo wopanda wodziwa kuti ndi Myuda. Iye anali mwana wamasiye, mwana wa mbale wa bambo ake a Moredekai, amene kwathu kuno tikanangoti mlongo wake, ndipo Moredekai ndiye anamulera.

Vuto linayamba pamene mfumu inakweza Hamani kukhala nduna yoposa zonse, Moredekai n'kukana kumugwadira. Hamani anaona kuti kulanga munthu mmodzi n'kochepa, ndipo anaganiza zopulula mtundu wonse. M'chaka cha 12 cha ufumu wa Ahaswero, cha m'ma 474 BC, m'mwezi woyamba wa Nisani, anachititsa maere kuti apeze tsiku lamwayi lochitira chiwembucho, ndipo maere anagwera mwezi wa 12 wa Adara. Maerewo ankatchedwa puri, ndipo dzina la chikondwererochi linachokera pamenepo. Kwa mfumu Hamani sanatchule n'komwe dzina la mtunduwo. Anangoti pali anthu ena obalalika m'zigawo zonse, a malamulo osiyana ndi a anthu ena onse, osamvera malamulo a mfumu, ndipo kuwalekerera sikupindulitsa boma. Analonjeza matalente 10,000 a siliva, ndalama zoposa theka la msonkho umene Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri yakale, akuti ufumu wonse wa Perisiya unkasonkhetsa pa chaka. Mfumu inavula mphete yake yodindira n'kumupatsa osafunsa zambiri. Onani tsiku limene alembi anaitanidwa kudzalemba lamulo lakupha: Estere 3:12 akuti linali la 13 mwezi woyamba, kutanthauza kuti mawa lake linali tsiku lopha mwana wa nkhosa wa Paskha. Myuda aliyense wowerenga vesili amamva kuwawa kwake, chifukwa chiweruzo cha imfa chinasindikizidwa pa nthawi imene mabanja ankakonzekera kukumbukira kupulumutsidwa ku Iguputo. Mutu 3 ukutha ndi mfumu ndi Hamani atakhala pansi kumwa, mzinda wa Susa uli wothedwa nzeru.

Pali ulusi wina umene umalumikiza nkhaniyi ndi mabuku a Mose, ndipo ndi wofunika pa funso lanu. Hamani akutchedwa Mwagagi, pomwe Moredekai ndi wa fuko la Benjamini, wa mbumba ya Kisi. Mu 1 Samueli 15 muli Mbenjamini wina, Sauli mwana wa Kisi, amene anatumidwa kukamenyana ndi Aamaleki, koma anasiya mfumu yawo Agagi yamoyo n'kutenga nkhosa ndi ng'ombe zonenepa, ndipo ufumu unamuchokera chifukwa cha zimenezi. Wolemba buku la Estere akufuna kuti tione mkangano wakale womwewo ukubweranso, ndiye chifukwa chake pa mutu 9 akubwereza katatu, pa vesi 10, 15 ndi 16, kuti Ayuda sanagwire zofunkha ngakhale kuti lamulo la mfumu linawaloleza. Pamene Sauli anagwa, zidzukulu za fuko lake zinaima. Aamalekiwa ndi aja anaukira Aisraeli m'chipululu pa Eksodo 17, ndipo Deuteronomo 25:17-19 amalamula kuti zimene anachitazo zisaiwalike. Mpaka lero Ayuda amawerenga ndime ya Deuteronomoyi pa Sabata lotsogolera Purimu, ndi ya Eksodoyo m'mawa wa tsiku lenilenilo.

Mmene zinthu zinatembenukira mukudziwa kale: kusala kudya kwa masiku atatu, Estere kulowa kwa mfumu osaitanidwa pomwe chilango chake chinali imfa, usiku umene tulo tinaithawa mfumu, Hamani kuyendetsa Moredekai pa kavalo m'misewu ya mzinda, ndi kupachikidwa kwake pa mtengo wa mikono 50 umene anakonzera mnzake. Choipa chitsata mwini. Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti imfa ya Hamani sinathetse ngoziyo, chifukwa lamulo lodindidwa ndi mphete ya mfumu silinkafafanizika. Chimene Moredekai anatha kuchita ndi kulemba lamulo lachiwiri, pa 23 mwezi wachitatu wa Sivani, lopatsa Ayuda ufulu wosonkhana ndi kudziteteza pa tsiku lomwelo la 13 Adara. Motero kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi malamulo awiri otsutsana anali akugwira ntchito m'dziko limodzi, ndipo tsikulo litafika kunachitika nkhondo. M'zigawo nkhondoyo inatha tsiku lomwelo, anthu n'kupumula pa 14. Mu Susa inapitirira tsiku lachiwiri, n'kupumula pa 15.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti gulu lanu liwerengenso pang'onopang'ono Estere 9:17-32, chifukwa ndime imeneyi imatisonyeza chikondwerero chikubadwa sitepe ndi sitepe popanda mawu akuti Yehova anauza wakutiwakuti. Poyamba anthu anangokondwera okha, monga amachitira aliyense amene wapulumuka. Vesi 19 likusonyeza Ayuda a m'midzi atausandutsa kale mwambo, akuchita madyerero ndi kutumizirana chakudya. Kenaka Moredekai analemba makalata kuti zizichitika chaka ndi chaka, ndipo vesi 23 likuti Ayuda anavomera kupitiriza zimene anali atayamba kale. Vesi 27 likuti anadzimanga okha, pamodzi ndi ana awo ndi onse odziphatika kwa iwo, ndipo pomalizira Estere analemba kalata yachiwiri ndi ulamuliro wake wonse kutsimikizira nkhaniyo. Zinthu ziwiri zimandigwira mtima m'ndimeyi. Choyamba, tsiku limene anasankha si la 13, limene anagonjetsa adani awo, koma la 14 ndi la 15, pamene anapumula. Chimene chikukumbukiridwa ndi mpumulo ndi kusandulika kwa maliro kukhala chimwemwe. Chachiwiri, yerekezani vesi 19 ndi vesi 22. Anthu paokha ankatumizirana chakudya ndi anzawo, koma kalata ya Moredekai inawonjezapo mphatso kwa osauka. Mtsogoleriyo anaona kuti madyerero a anthu odziwana okhaokha amasiya kunja amene alibe chobwezera, ndipo anatseka mpata umenewo m'lamulo lenilenilo la chikondwererocho.

Tsopano tibwere kwa bambo aja, amene mfundo yawo ili ndi maziko. Deuteronomo 4:2 amaletsa kuwonjezera pa mawu amene Mulungu analamula. Mu Talmud, mabuku akuluakulu osunga zokambirana za aphunzitsi achiyuda akale, muli nkhani yakuti akulu 85, ena mwa iwo aneneri, anavutika mumtima atalandira pempho la Moredekai ndi Estere, ponena kuti Levitiko amatha ndi mawu akuti awa ndiwo malamulo amene Yehova anapatsa Mose, ndiye mneneri wina sangabwere ndi chatsopano. Nkhaniyo ikuti sanabalalike mpaka atapeza maziko ake m'Malemba, ndipo anawapeza pa lamulo la pa Eksodo 17:14 lolemba za Amaleki m'buku kuti zikhale chikumbutso. Penanso muli nkhani yakuti Estere atapempha kuti nkhani yake ikhazikitsidwe ku mibadwo yonse, aphunzitsiwo anayamba adandaula kuti zimenezi ziutsa chidani cha mitundu ina. Kaya zokambiranazi zinachitikadi motero kapena ndi njira imene aphunzitsi a pambuyo pake anafotokozera nkhawa zawo, zikusonyeza kuti Ayuda sanachilandire mwachisawawa.

Komanso Baibulo lili ndi chitsanzo cha chikondwerero chopangidwa ndi munthu chimene linachitsutsa kotheratu. Pa 1 Mafumu 12:26-33, Yerobowamu anakhazikitsa chikondwerero pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu, mwezi umene Malemba akuti anaulingalira mumtima mwake. Ikani zikondwerero ziwirizi pamodzi ndipo kusiyana kwake kuonekera. Yerobowamu anafuna kuti anthu aleke kupita ku Yerusalemu kuopa kuti mitima yawo ingabwerere kwa mfumu ya Yuda, choncho anapanga chofanizira cha Chikondwerero cha Misasa cha mwezi wachisanu ndi chiwiri, anaimika ana a ng'ombe agolide ku Beteli ndi ku Dani, ndipo anadzoza ansembe amene sanali Alevi. Chake chinalowa m'malo mwa chimene Mulungu analamula, ndipo phindu lake linali la mpando wake. Purimu sinachotse tsiku lililonse la Mose, sinabweretse guwa, nsembe kapena wansembe watsopano, ndipo aphunzitsi achiyuda sanaiike pa mlingo wa Paskha kapena Sabata, moti ngakhale kugwira ntchito sikuletsedwa pa tsikuli monga kumaletsedwera pa masiku opatulika a m'Chilamulo. Mwa kuona kwanga, muyeso umene Baibulo likugwiritsa ntchito pa nkhani ziwirizi ndi womwewo umene Yesu anagwiritsa pa Marko 7, pamene anadzudzula mwambo wa anthu chifukwa unkafafaniza lamulo lolemekeza makolo.

Umboni wakuti chikondwererochi n'chakale ulipo kunja kwa buku la Estere. Buku lachiwiri la Amakabeo, limene lili m'Mabaibulo a Akatolika, pa 15:36 likutchula "tsiku la Moredekai" pofotokoza za kugonjetsedwa kwa mkulu wa asilikali Nikanori mu 161 BC. Josephus, Myuda wolemba mbiri wa m'zaka za atumwi, akuti Ayuda a m'nthawi yake ankasunga masiku awiriwa, ndipo pofika cha m'ma 200 AD buku la malamulo lotchedwa Mishnah linali ndi chigawo chathunthu chofotokoza kawerengedwe ka mpukutu wa Estere. Chipangano Chatsopano sichitchula Purimu, koma chikutchula chikondwerero china chimene Mose sanalamulenso. Pa Yohane 10:22-23 Yesu akuyenda m'kachisi, m'khonde la Solomo, pa chikondwerero cha kuperekedwanso kwa kachisi, chimene lero chimatchedwa Hanukkah, ndipo chinayamba mu 164 BC pamene Yudasi Makabeo anayeretsa kachisi atadetsedwa ndi mfumu Antiochus. Yohane sakulemba mawu alionse a Yesu otsutsa tsikulo.

Ayuda amachisungabe, ndipo ndi tsiku laphokoso kuposa onse pa kalendala yawo. Pa 13 Adara opembedza amasala kudya kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo pokumbukira kusala kwa Estere. Dzuwa likalowa amasonkhana m'sunagoge, ndipo wowerenga amatambasula mpukutu wachikopa wolembedwa pamanja, n'kuupinda ngati kalata, chifukwa buku lenilenilo limadzitcha kalata. Amaimba mitu yonse khumi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo aliyense ayenera kumva liwu lililonse, amayi ndi abambo omwe, pakuti aphunzitsi akale anati amayi nawonso anali m'kati mwa chozizwitsacho. Ana amakhala atagwira tizipangizo tozunguza tolira kwambiri, makutu ali tcheru kudikira dzina la Hamani, limene limatchulidwa koposa ka 50. Likangomveka, nyumba yonse imaphulika: kuzunguza, kuponda pansi, kumenya mabenchi, kukuwiza, kuti dzinalo lifafanizike. Wowerenga amaima n'kudikira kuti phokoso lizizire, chifukwa akapitiriza ena aphonya mawu. Akafika pa mayina khumi a ana a Hamani amakoka mpweya wambiri n'kuwatchula onse osapumira. M'mawa mwake amawerenganso mpukutu wonsewo kachiwiri.

Masana ndi a zinthu zina zitatu, zonse zochokera pa Estere 9:22. Munthu aliyense amatumiza mitundu iwiri ya chakudya chopsa kale kwa munthu mmodzi kapena kuposerapo, amapereka mphatso kwa osauka osachepera awiri, ndipo banja limakhala pa madyerero dzuwa lisanalowe. Pa tsikuli lamulo likuti aliyense wotambasula dzanja apatsidwe popanda kumufufuza ngati alidi wosauka. Maimonides, mphunzitsi wamkulu amene anamwalira ku Iguputo mu 1204, analemba kuti n'kwabwino kuwononga zambiri pa osauka kusiyana ndi pa madyerero ndi mphatso za abwenzi, chifukwa palibe chimwemwe choposa kusangalatsa mtima wa wosauka, wamasiye ndi mlendo. Zovala zodzibisa nkhope zimene ana ndi akulu amavala, ndi timakeke tangodya zitatu totchedwa hamantaschen, ndi miyambo imene inabwera mochedwa pakati pa Ayuda a ku Ulaya, ndipo m'Baibulo mulibe. Palinso mawu otchuka a mphunzitsi Rava mu Talmud, akuti munthu amwe mpaka asasiyanitse kutemberera Hamani ndi kudalitsa Moredekai. Amene amakonda kuwatchula amaiwala kuti pamzere wotsatira pali nkhani ya mphunzitsi wina amene ataledzera pa Purimu anapha mnzake, n'kumupempherera mawa lake kuti atsitsimuke, ndipo chaka chotsatira mnzakeyo anakana kubweranso ponena kuti zozizwitsa sizichitika nthawi zonse. Aphunzitsi ambiri a pambuyo pake analangiza kungomwa pang'ono kuposa masiku onse n'kukagona.

Za tsiku lake, Purimu imagwa mu Febuluwale kapena Marichi. Mizinda imene inali ndi malinga m'masiku a Yoswa, makamaka Yerusalemu, imakondwerera pa 15 Adara motsanzira Susa, pomwe ena onse amakondwerera pa 14. Kalendala yachiyuda imawonjezera mwezi wa Adara wachiwiri ka 7 pa zaka 19 zilizonse, ndipo zikatero chikondwererochi chimachitika mu Adara wachiwiriyo, kuti chikhale mwezi umodzi Paskha asanafike.

Sindingakhale woona ndikapanda kutchula zovuta za bukuli, ndipo ndikukhulupirira kuti pagulu lanu ena anadzuma atawerenga mutu 9. Anthu 500 anaphedwa mu Susa tsiku loyamba, 300 tsiku lachiwiri limene Estere yemwe anachita kupempha, ndipo m'zigawo 75,000. Bukulo likuzifotokoza ngati kudziteteza kwa anthu amene lamulo la boma linawaika pa mndandanda wophedwa, ana ndi amayi omwe, ndipo mbiri yasonyeza kuti mantha otere sanali nthano: mwa atsogoleri khumi a chipani cha Hitler cha Nazi amene ananyongedwa ku Nuremberg, ku Germany, pa 16 Okutobala 1946, Julius Streicher, wofalitsa chidani pa Ayuda, anafuula za Purimu ali pa chingwe. Koma nkhani ya kubwezera ikalowa m'mutu wolakwika imabala zoopsa. Pa 25 Febuluwale 1994, tsiku la Purimu, Baruch Goldstein anawombera ndi kupha Asilamu 29 amene ankapemphera ku Hebron, ndipo boma la Israel ndi atsogoleri ambiri achiyuda anadzudzula mchitidwewo. Ndiye chifukwa chake ndinatsindika kuti tsiku lokhazikitsidwa m'Malemba ndi la mpumulo. Pa za mbiri, Herodotus akutchula mkazi wa Xerxes kuti Amestris, ndipo zolemba za Aperisiya zimene zinapezeka sizitchula Estere kapena Vasiti, mfumukazi imene Estere analowa m'malo mwake, choncho akatswiri ambiri amaliona bukuli ngati nkhani yolukidwa mwaluso pa maziko a moyo weniweni wa Ayuda a ku Perisiya. Ena amayankha kuti wolembayo ankaidziwa bwino nyumba yachifumu ya ku Susa ndi kayendedwe ka makalata a boma, ndiponso kuti mpata wa zaka zinayi pakati pa kuchotsedwa kwa Vasiti ndi kulongedwa kwa Estere ukugwirizana ndi nthawi imene Xerxes anali kunkhondo yolimbana ndi Agiriki mu 480 ndi 479 BC.

Chodabwitsa china n'chakuti m'buku lachihebri la Estere dzina la Mulungu silitchulidwa ngakhale kamodzi. Mulibe nyanja yogawanika, mulibe mngelo, mulibe mneneri. Muli mfumukazi yokana kuitana kwa mwamuna woledzera, mlonda wa pachipata womva chiwembu mwangozi, ndi mfumu yosowa tulo imene yapempha kuti aiwerengere buku la zochitika, n'kugwera pa tsamba lonena za mmene Moredekai anaululira chiwembu chija. Pamene wolemba akuyandikira kwambiri kutchula Mulungu ndi pa 4:14, Moredekai akuuza Estere kuti akakhala chete chipulumutso chichokera kwina, ndipo mwina analowa ufumu chifukwa cha nthawi ngati imeneyi. Ichi chikuthandiza kumvetsa chifukwa chake chikondwererochi chinafunika. Kuwoloka Nyanja Yofiira palibe akanakutcha mwayi, koma zochitika za ku Susa, zikanasiyidwa zaka makumi angapo, zikanasanduka nkhani ya ndale za kunyumba ya mfumu, yoti Ayuda anangochita mphumi. Pokhazikitsa tsiku, anthuwo anali kunena poyera kuti anaonamo dzanja la Mulungu. Komabe sanakokomeze. Pa Purimu saimba Masalimo 113 mpaka 118, amene amaimbidwa pa zikondwerero zikuluzikulu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene Talmud ikupereka n'chakuti atatuluka ku Iguputo analeka kukhala akapolo a Farao, koma nkhani ya Estere itatha anali adakali anthu a Ahaswero. Anapulumuka, koma sanamasuke.

Pa funso lanu lomaliza, lakuti bwanji osangokumbukira mumtima, yankho la Baibulo n'lakuti mtima umafa ndi mwini wake. Amene anaona zoopsa za ku Susa sankafunika kalendala. Kalata ya Moredekai inali ya zidzukulu zimene sizinaone kanthu. Mfundo yomweyi ili pa Eksodo 12:26, pamene Mose akuti ana anu akadzakufunsani kuti mwambo uwu utanthauzanji mudzawayankhe, ndi pa Yoswa 4, pamene miyala 12 yochokera mu Yorodano inaunjikidwa kuti ana adzafunse. Mwambowo umakonzedwa dala kuti udabwitse mwana, chifukwa mwana safunsa za zimene zili mumtima mwa agogo ake. Amafunsa za mkate wopanda chotupitsa, za msasa wamasamba umene wamangidwa pakhomo, za phokoso la m'sunagoge. Ife Achewa timazidziwa izi pa nkhani ya chiliza. Aliyense pa mtundu amanena kuti malemu sadzawaiwala, koma mbumba ikapanda kugwirizana tsiku, kusonkherana ufa ndi ndiwo, kuitana a ku tauni ndi a ku Joni, ndi kuimirira pamanda wamkulu wina n'kufotokoza kuti wagona apa anali yani, pakatha mibadwo iwiri ana amadutsa pamandapo osadziwa kuti ndi pawo. Tsiku lopatulidwa limakakamiza anthu otanganidwa kukumbukira pa nthawi imodzi, ndipo kukumbukira pamodzi n'kumene kumawapanga kukhala mtundu umodzi. Masiku a boma ali ndi ntchito yomweyo. M'chaka cha 2026 tsiku la 14 Adara lagwera pa 3 Marichi, pamene Amalawi amakumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959, ambiri a iwo ku Nkhata Bay, boma la atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Amene anaona zimenezo ndi maso atsala ochepa, ndipo tsikulo likachotsedwa pa kalendala nkhaniyo idzatsala m'mabuku a mayeso okha.

Izi sizikutanthauza kuti tsiku lililonse lopatulidwa n'labwino. Aneneri anadzudzula kwambiri zikondwerero zimene Mulungu mwini analamula: pa Amosi 5:21-24 Mulungu akuti akudana nazo chifukwa chilungamo sichikuyenda, ndipo Yesaya 1:14 akuti zamulemetsa. Ngati tsiku lolamulidwa lingakanidwe chifukwa cha khalidwe la olisunga, ndiye kuti kulamulidwa pakokha sikokwanira, monganso kusalamulidwa pakokha sikunachititse Purimu kukhala tchimo. Bambo a pagulu lanu ali ndi ufulu wonse wosasunga Khirisimasi, ndipo sakulakwa akamanena kuti Chipangano Chatsopano sichilamula tsikulo kapena kutchula deti limene Yesu anabadwa. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti "chabe", chifukwa buku limene mukuwerengalo likusonyeza mwambo wa anthu umene Malemba anaulandira ndi kuusunga. Paulo pa Aroma 14:5-6 anasiya nkhani ya masiku ku chikumbumtima cha munthu aliyense, bola wosunga asungire Ambuye ndipo wosasunga asaweruze mnzake, ndipo pa Akolose 2:16 analetsa kuweruzana pa za zikondwerero. Mkhristu sakakamizidwa kusunga Purimu, popeza Estere 9:27 akunena momveka kuti amene anadzimanga ndi Ayuda, ana awo ndi olowa m'chipembedzo chawo.

Mukamakawerenganso, yang'anani kaye Mabaibulo amene muli nawo pagulupo. Ngati ena ali ndi la Akatolika, apeza loto la Moredekai, mapemphero a Moredekai ndi Estere, ndi mawu athunthu a makalata a mfumu, zimene mwa ena mulibe. Zigawo zisanu ndi chimodzi zimenezi, mavesi oposa 100, zinachokera m'Baibulo lachigiriki lakale, ndipo m'menemo dzina la Mulungu likutchulidwa kambirimbiri. Ayuda m'sunagoge amawerenga lachihebri lalifupilo, ndipo ndi lomwe mipingo ya Chipulotesitanti inatsatira, choncho musadabwe manambala a mitu ndi mavesi akapanda kugwirizana.